Dzanja Loyatsa Nyali

Takisi inamusiya pa geti lolakwika. Hilary anabwerera m'mbuyo, chikwama chikukhwekhwereka pa miyala, akuwerenga manambala a nyumba ndi kuwala kwa foni. Nthawi ya chakudya chamadzulo inali isanakwane, koma kunali kutada kale bii. Mphepo ya kunyanja inkalowa m'khosi mwa jekete. Bambo ake anakhala muno mu Filey zaka zambirimbiri. Iye anali asanapondemo.

Anatsegula chitseko ndi Gavin, mlongo wake wa kwa mayi ena. Anali atanenepa, tsitsi litathawa.

"Achemwali atulukira," anatero. "Maliro mwawaphonya, koma tiyi mumupeza."

Maliro a bambo awo anali dzana. Hilary anali atanena kuti ndege ya ku Lisbon yavuta. Palibe anakhulupirira, palibenso anafunsa. Chimene chinamubweretsa chinali foni ya Gavin ya dzulo lake. Nkhani ya nyali.

Aliyense amene anakulira pa kanema wa Lamlungu masana ankaidziwa nyaliyo. Mdima pachinsalu. Machesi kuthetheka. Dzanja la mkazi, lamanzere, lovala mphete, likuyatsa nyali ya galasi. Kenako dzina, Saltcote Pictures, filimu n'kuyamba. Kampaniyo anaiyambitsa Denholm Pyrah, bambo awo, ali mnyamata, m'shedi yakale ya mabasi kunja kwa Leeds. Mafilimu oyamba anali akuda ndi oyera, a apolisi ndi asodzi. Amitundu anabwera pambuyo, nyali n'kukhala yofiirira ngati uchi. Kumapeto, kampani ili wefuwefu, anyamata ena anajambula nyali ya pakompyuta, yopanda dzanja, yodziyatsa yokha. Denholm anaiona kamodzi n'kutuluka m'holo. Filimu imeneyo inakhala yotsiriza.

Dzanjalo linali la Iris, mayi ake a Hilary. Anamwalira iye atangoyamba sukulu. Nkhope yawo sankaikumbukira. Mawu awonso ayi. Koma dzanja ankalidziwa. M'zipinda za mahotela, m'mizinda imene ntchito inkamuponya, machesi aja akangothetheka pa wailesi yakanema, ankasiya chilichonse n'kuima.

Noreen, mkazi wachiwiri wa Denholm, anali m'khitchini. Thupi laling'ono, juzi ya malemu ikumufika m'maondo. Anamulonjera Hilary mwaulemu ngati mlendo wa kutchalitchi. Anafunsa za ulendo. Anati chipinda cha pamwamba chakonzedwa, bulangete lina lili m'kabati. Hilary anathokoza. Moyo wake wonse ankawaitana a Noreen basi. Kuwatchula amayi lilime linakana kuyambira ali mwana.

Patebulo panali nyama yozizira yotsala pamaliro ndi buledi woyamba kuuma. Gavin analongosola akutafuna. Kampani yaikulu ya ku London inagula mafilimu onse kalekale. Tsopano ikufuna kuwatsuka, kuwakonza, kuwatulutsanso. Koma kutsogolo ikufuna chizindikiro chake. Nyali ichoke. Denholm ali moyo ankakana, osapereka chifukwa. Mawu atsala ndi atatuwa, ndipo mmodzi akakana ndiye kuti zakanika. Zikakanika, mafilimu akhalabe m'zitini. Gavin anapitako kumene amawasunga. Anati ukatsegula chitini fungo la viniga limakumenya m'mphuno, ndiye kuwola kwake kumeneko.

"Ine ndikukana," anatero Hilary.

"Ndimadziwa. Wakwera ndege ndi sitima kudzangonena zimenezo."

"Anthu akufuna filimu ya Saltcote, aione ndi nyali yake."

"Anthu ake ati? Amene amaikumbukira ali kumanda ndi adadi. Ena ali pamzere."

Gavin anati iye sakufuna kuti ntchito ya moyo wonse wa bambo awo isungunuke chifukwa cha kachidutswa kotha munthu asanakhale pansi bwino. Hilary anati kwa iye si kachidutswa. Anati Gavin mayi ake ali nawo, akudula buledi apo. Iye ali ndi chiyani? Zithunzi za Iris zinatayika posamuka. Manda ali ku Leeds, pakati pa misewu iwiri. Chatsala ndi dzanja.

Anatembenukira kwa Noreen. Ankayembekezera kuti anena kuti zili kwa ana. Ndi mmene ankayankhira nthawi zonse.

"Aichotse," anatero Noreen, maso ali pa mpeni.

Hilary anakankha mbale yake.

"Mwadikira nthawi yaitali, eti a Noreen? Makatani a amami munachotsa. Mbale zawo munapereka. Adadi sanazizire n'komwe, mwafika pa dzanja."

"Hilary," anatero Gavin.

"Usiye alankhule," anatero Noreen. "Wabwera kutali."

Anaimirira, anadzaza ketulo, anatenga bokosi la machesi pashelefu. Chitofu chinali chakale, cha gasi, chosayaka chokha. Anakhwecha machesi. Sanaloze kunja monga amachitira anthu onse. Anakokera kwa iye mwini, chala chaching'ono chitaima padera, chopindika pang'ono kunsonga. Moto unayaka. Sanauzime msanga. Anaugwira choncho, kutsogolo kwa Hilary, mpaka unayandikira zala.

Hilary anayang'ana chalacho. Anali atachiona kambirimbiri, chachikulu ngati chitseko, pachinsalu.

Anaseka pang'ono, kuseka kouma.

"Amami anali amanzere. Inu ndinu amanja."

"Filimu amaitembenuza, mwanawe. Wakulira m'nyumba ya ndani?"

Noreen anafotokoza ataima, msana utatsamira sinki. Nyali yoyamba, yakuda ndi yoyera ija, analidi Iris. Koma mafilimu amitundu atayamba panafunika kujambula ina, ndipo Iris anali atagona kale m'manda. Noreen nthawi imeneyo anali mtsikana wosoka zovala za osewera. Denholm anayendera manja a akazi onse a pakampani ngati munthu wogula nsomba. Anasankha lake. Anamuveka mphete ya Iris kudzanja lamanja, n'kumuphunzitsa kukhwecha machesi mokokera mkati monga ankachitira malemu. Anatha mabokosi angapo tsiku limenelo. Pomaliza anatembenuza filimuyo, dzanja lamanja n'kuoneka lamanzere. Pambuyo pake nyali yakale ija inakalika, inang'ambika. Denholm anatenga yatsopanoyo, anaichotsa mitundu, n'kuimata kutsogolo kwa mafilimu akale omwe. Ya Iris inatayidwa ndi zinyalala za m'chipinda chodulira.

"Chifukwa chiyani adadi sanandiuze?"

"Unkadzuka usiku kuwafuna amayi ako. Ankakutenga kupita nawe kukanema, ukaona dzanja, unkagona. Anati akuuza ukakula. Unakula. Anati akuuza ukakwatiwa." Noreen anatsitsa ketulo. "Bambo ako choona ankachikonda, koma chikakhala chojambulika bwino."

Gavin ankayang'ana m'mbale mwake. Hilary anamufunsa ngati ankadziwa. Anati anazindikira ali wamng'ono, chifukwa dzanja limene limakumenya sulisokoneza ndi lina. Palibe anaseka.

Hilary anafunsa za mphete. Noreen anati inabwerera m'kabokosi tsiku lomwelo, ndipo ili pamwamba ngati akuifuna. Yake ya ukwati inabwera patapita zaka. Anathira tiyi m'makapu atatu.

"Dzanja lija unkalipsompsona pa galasi la wailesi yakanema," anatero. "Ine ndili kumbuyo kwako ndi chakudya chako. Ndikati ndikugwire tsitsi, unkathawa."

Hilary tiyi sanamwe. Ananyamula chikwama n'kukwera pamwamba.

M'mawa kunali kusanayere bwino pamene anatsika, jekete atavala kale. Gavin anali m'tulo pa sofa, kukamwa kuli yasa. Noreen anali m'khitchini, juzi yomwe ija. Anali atakulunga buledi ndi tchizi m'pepala, za pasitima.

Hilary anaima pakhomo la khitchini. Anafunsa ngati akufunadi nyaliyo ichoke, kapena ananena chifukwa chotopa ndi maliro.

"Ndikufuna dzanja langa likhale langa ndisanafe," anatero Noreen. "Ndalibwereketsa nthawi yaitali."

Hilary anagwedeza mutu. Anati amuuze Gavin akadzuka kuti wavomera. A ku London adule. Mphete anati ikhale kaye, alibe poisunga, nyumba yake ndi chikwama. Mawuwo anatuluka osalala, ngati akuitanitsa khofi pasiteshoni.

Takisi inaima panja, nyali zake zikuwala pa msewu wonyowa. Noreen anamuperekeza mpaka pachitseko. Mphepo inali isanaleke. Hilary anali atatsika kale sitepe imodzi pamene anatembenuka.

"Adadi sankakumverani chisoni inuyo? Ngakhale kamodzi?"

Noreen anaganiza. Anati titakwatirana tinkapita atatu kukanema, iwe mbali iyi, ine mbali iyo, bambo ako pakati. Magetsi akazima, machesi akathetheka, ankaweramira kwa iwe n'kuloza pachinsalu, taona amami ako.

"Dzanja lawo linalo linkachita chonchi kwa ine."

Anatambasula mkono, anafufuza pansi, m'mbali mwa jekete la Hilary, mosayang'ana, ngati munthu wofufuza mumdima. Anapeza dzanja lake. Analifinya kolimba mpaka mafupa kupweteka, maso ali kutsogolo, kumsewu. Kenako analisiya.

Woyendetsa takisi analiza hutala. Hilary anatsika masitepe otsalawo, buledi ali m'khwapa.