Mpata pa Denga la Aliness

Linali tsiku lachitatu Aliness akukhala pampando womwewo, pakona pa chipinda chodyera cha hotela ku Geneva, manja ali pamiyendo. Kutsogolo kwake kunali tebulo lalitali lodzaza buledi, mazira, zipatso ndi mkaka. Azungu ankangofika, kutenga mbale n'kudzitapira, osapereka ngakhale moni. Iye ankadikira. Kwawo kunsi kwa phiri la Michesi mlendo sadzivundukulira mphika. Amakhala pansi mpaka mwini nyumba anene kuti, "Sambani tidye." Kuno mwini nyumbayo sankaoneka, ndiye Aliness anangoti basi, chakudyachi n'chogulitsa, odzitapirawa akalipira potuluka.

Kulipirako ndi kumene ankakuopa kuposa njala. Bungwe lina linamutenga kuti adzafotokoze pamsonkhano za napolo amene anagumuka m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy, n'kukokolola nyumba yake, mbuzi zake ndi bambo a ana ake. Atafika anamupatsa envulopu ya ndalama zodyera masiku anayi. A Fletcher, mkulu wa bungwelo amene anabwera naye kuchokera ku Blantyre, atamuuza mtengo wake m'makwacha, Aliness anangoti kukamwa yasa. Zinali zokwana malata makumi awiri ndi anayi, ndendende amene ankasowa pa nyumba yatsopano.

"Koma muzisamala mayi," anatero a Fletcher tsiku limenelo. "Kuno botolo la madzi ndi mtengo wa nkhuku."

Atanena zimenezo anapita kukakhala kwa mnzawo kutsidya kwa nyanja. Aliness anamanga envulopu ija pampango m'chiuno, n'kulumbira kuti ikatsegulidwira ku Phalombe. Chimanga chokazinga ndi mtedza zimene ananyamula zinatha tsiku lachiwiri m'mawa. Kuyambira pamenepo ankangokhalira madzi a pampope.

Foni inalira. Anali a Thomson, achimwene ake, amene ankamukhomera denga.

"Achemwali, ku Ulaya kuli bwanji? Mwanenepa kale?"

"Ndatsala pang'ono kuphulika," anayankha Aliness, akumeza malovu.

"Idyani, mutidyereko. Kuno phaso tamaliza dzulo. Koma Michesi wavala chipewa, mitambo ili bii. Tenti mukugonamo ija yang'ambikanso ndipo mwana wanu Madalo akutsokomola. Musabwere chimanjamanja, mvula siyembekeza munthu."

"Ndamva achimwene."

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira tebulo. Ku msonkhano ankapita wapansi poopa mtengo wa basi. Msewu unkadutsa m'mbali mwa nyanja, pamene eni mzindawo amaponya madzi m'mwamba tsiku lonse popanda wowatunga. Tsiku loyamba anaima n'kumadabwa. Lero sanatembenuke n'komwe. M'makutu munkalira, ndipo mphepo yozizira inkalowa m'juzi ngati sanavale kanthu. Atafika pa benchi ina anagwera pomwepo, maso atachita mdima.

Anachita mantha kwambiri. Nthawi yake yolankhula inali 2 koloko, ndipo mayina a anthu khumi ndi atatu a m'mudzi mwake amene anapita ndi matope anali papepala m'chikwama. Akakomoka pamaso pa anthu, mayinawo awerenga ndani? Nanga akamunyamula kupita naye kuchipatala, kuno kumene madzi akumwa ali pamtengo wa nkhuku, envulopu itsala? Kwa eni kulibe mkuwe. Anthu ankadutsa ndi agalu awo ovala majuzi, ndipo palibe anamuyang'ana.

Anamasula mpango uja. Kutsidya kwa msewu kunali kasitolo ka zakudya. Analoza buledi wopana kanyama ka nkhuku ndi kapu ya tiyi, zimene zinkaoneka zazing'ono kuposa zonse. Mtsikana wogulitsa anamwetulira, n'kutenga ndalama yapepala imodzi yathunthu, n'kumubwezera timakobidi titatu. Aliness sanafunike womuwerengera. Malata awiri anali atapita.

Anadya ataimirira, misozi ikugwera m'tiyi. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti buledi uja anali wokoma.

Masana analankhula, a Fletcher akumasulira. Anawerenga mayina onse osaphonya ngakhale limodzi. Anthu anawomba m'manja, ena anapukuta m'maso, kenako anathamangira ku msonkhano wina.

M'mawa mwake a Fletcher anabwera ku hotela kudzamutenga kupita ku bwalo la ndege. Anamupeza pakona paja. Iwo sanachedwe, anatenga mbale n'kuunjika mazira ndi masoseji.

"Mwadya kale mayi?"

"Idyani inu abwana. Ine thumba langa silifika pamenepo."

A Fletcher anasiya foloko m'malere.

"Thumba lanji? Izi zinalipiridwa kale pamodzi ndi chipinda. N'zanu izi, m'mawa uliwonse."

"Zanga?"

"Zanu. Ndiye masiku onsewa mumadya chiyani?"

"Palibe anandiitana," anatero Aliness motsitsa mawu. "Ndimabwera, ndimakhala pompano. Munthu ungangofika pakhomo pa eni n'kuyamba kupakula?"

"Kuno saitana mayi," anatero a Fletcher, akuyamba kuseka. "Paja amati safunsa anadya phula. Koma inu ngakhale phulalo simunalilawe."

Aliness sanaseke. Anawayang'ana m'maso.

"Mtengo wa madzi munandiuza. Izi bwanji simunandiuze?"

Kuseka kuja kunathera pomwepo. A Fletcher anadzuka, n'kukadzaza mbale ina, n'kuibweretsa ndi manja awiri. Aliness anadya dzira limodzi lokha. Mtima unali utadzaza ndi mkwiyo, ndipo sankadziwa ngati akwiyire a Fletcher, azungu, kapena ulemu umene mayi ake anamuphunzitsa.

Patatha masiku atatu, ngolo inatsitsa malata pakhomo pake kunsi kwa Michesi. Kumwamba kunkagunda. A Thomson anawerenga, n'kubwerezanso, akunyowetsa chala ndi malovu.

"Achemwali, apa pali makumi awiri ndi awiri. Akuberani kusitolo?"

"Sanandibere."

"Nanga awiri ali kuti?"

"Ndinadya."

A Thomson anafuna kuseka, koma ataona mmene masaya a mlongo wawo analowera, anangotola hamala n'kukwera makwerero. Anakhoma mpaka dzuwa kupendeka. Atatsala pang'ono kumaliza anasuzumira pansi.

"Ndiye mpatawu ukhale kuti? Kuchipinda kwa ana, kapena kosungira chimanga?"

Aliness analowa m'nyumba, n'kukoka mphasa ya ana ndi matumba awiri a chimanga kupita nazo kumene kunali kofoleredwa. Kenako anatenga mphasa yake, n'kukaiyala kuchipinda chakumapeto, kumene mitambo inkaonekera pakati pa phaso.

"Usiyeni pano," anatero. "Anadyayo ndi amene anyowe."