Mowa Wonunkha Kuchipatala

Glenys anali pazenera la kukhitchini, mbale ili m'manja, pamene anaona mwamuna wake akudutsanso pa kageti ka mumpanda, botolo lili m'khwapa. Kanali kachitatu sabata imeneyo. Tsitsinso anali atapesa.

Merv Tulloch anayamba kufulula mowa m'shedi mwake kalekale, asanapume pantchito yoyendetsa lole yonyamula nkhosa. Chaka chilichonse ankapereka mabotolo awiri ku mpikisano wa pa chionetsero cha zaulimi cha m'tauni yawo ya Coolabri, ndipo ankakhala wachiwiri kapena wachitatu. Woyamba nthawi zonse anali Noelene Brasch wa kuseri kwa mpandawo, amene mwamuna wake anamwalira zaka zinayi zapitazo n'kumusiyira nyumba, agalu awiri ndi nthawi yambiri yopaka milomo.

Chaka chino mowa wa Merv unali utapenga. Katatu konse unatuluka mumgolo ukununkha ngati kuchipatala, ndipo womwa ankatsala ndi kakomedwe ka pulasitala wa pabala m'kamwa. Merv anasintha yisiti. Anakulunga mgolo ndi matawulo onyowa poganiza kuti ukutenthedwa. Anagula zivindikiro zatsopano. Zonsezo sizinaphule kanthu, ndipo chionetsero chinali chitatsala masabata asanu. Mowa umafuna awiri mumgolo ndi atatu m'botolo. Mwayi unali utatsala umodzi.

Koma Glenys za riboni ya wopambana mpikisanowo analibe nazo ntchito. Chimene chinkamudya mumtima chinali pakhonde la Noelene, pamene pankaoneka bwino lomwe kuchokera pazenera lake. Noelene ankakweza tambula ku dzuwa, n'kuikamo mphuno, n'kumwa pang'ono atatsinzina. Kenako ankabwezera tambula ija kwa Merv, iye n'kumwera pomwepo. Zaka makumi anayi ndi zitatu ali pabanja, Merv anali asanamupatsepo tambula kuti alawe. N'zoona kuti Glenys mowa sankamwa, koma kufunsa kokha kumathyola munthu msana?

Madzulo amenewo anamuikira nyama ya nkhosa ndi mbatata patebulo mwamphamvu, mpaka mpeni unadumpha.

"Adokotala anu ati bwanji lero?"

Merv anayankha kuti mwina ndi kutentha kwa m'shedi.

"Sabata yatha kunali kuzizira. Galu wamkota sakandira pachabe, bambo. Mowa wodwala umafuna tsitsi lopesa?"

"Wayamba, mayi," anatero Merv, maso ali m'mbale.

"Sindinayambe. Tsabola wakale sawawa, ndikudziwa."

Merv anapempha mchere. Anali munthu wotero: mkangano ukamubwerera, iye ankatafuna.

Chowawa kwambiri n'chakuti mowawo Glenys anaukhetsera thukuta. Chichitireni opaleshoni ya phewa mu Juni, Merv sankatha kukweza mkono, ndiye wotsuka mgolo anali Glenys. Ankatsuka ngati mmene amatsukira chilichonse m'nyumba mwake: kuviika mu mankhwala oyeretsera nsalu mpaka m'mawa, kukwecha ndi burashi, kutsukuluza kamodzi. Kamodzi basi, chifukwa mvula inali isanagwe chaka chonse, ndipo ukagogoda thanki madzi ankayankha pa mzere wachiwiri kuchokera pansi. Wotsukuluza kawiri m'chaka chotere ndi wopanda nzeru. Ndiye iye awerame msana kukwecha pulasitiki, wina azingonunkhiza atapaka milomo?

Lachinayi Merv anapita kokaonetsa phewa. Glenys anathyola mandimu asanu ndi limodzi, nazungulira kumsewu, n'kukalowera pa geti lakumaso ngati mlendo. Iye ndi Noelene anakhalapo pa benchi imodzi kusukulu, ndipo ngakhale nthawi imeneyo wopambana pa zosoka ankakhala Noelene.

Anamupeza akuthirira tomato ndi madzi otsukira mbale. Atapatsana moni wouma, Glenys ananena zimene anabwerera. Anati mwamuna wake wakhala akutha mapazi pa kageti kaja, ndipo akufuna kudziwa ngati mowa wake uli ndi vuto kapena vuto lili pena.

Noelene sanakwiye. Anaika pansi chidebe, nalandira mandimu, koma dzanja la Glenys sanalisiye. Analikokera kumphuno kwake.

"Vuto ndi ili, amwali."

"Undisiye dzanja."

"Mgolo umautsukuluza kangati?"

Glenys anati kamodzi, monga munthu aliyense wodziwa kuti kunja kuno kuli chilala.

Noelene anamufotokozera mosazungulira. Mankhwala oyeretsera nsalu amabisala m'mikwingwirima ya pulasitiki, makamaka imene burashi yasiya. Akakumana ndi mowa umene ukuwira, amabala fungo la kuchipatala lija, ndipo kadontho kokha kamaononga mgolo wonse. Ofulula ali ndi mankhwala awo osafuna kutsukuluza. Mgolo umenewo tsopano unali utamwa kale zambiri, sukanachiranso.

Nkhope ya Glenys inatentha mpaka kumakutu. Koma sanali munthu wogonja msanga.

"Ndiye masabata onsewa ukumusunga pakhonde pako, pamene chifukwa chake ukuchidziwa?"

"Ndinamuuza tsiku loyamba, pa botolo loyamba."

"Bodza."

"Ukamufunse. Anandipempha kuti ndisakuuze. Akuti zaka makumi anayi sunapondemo m'shedi muja, koma chiyambire kutsuka mgolo umalowa, umamukalipira za akangaude, umakhala pa kireti n'kumamuuza nkhani za ku tchalitchi. Akuti ukadziwa kuti ukuononga ndiwe, sudzalowamonso. Ndiye amabwera kuti ndimupezere njira yobisira fungolo. Njirayo kulibe."

Glenys anayang'ana tomato.

"Tenga mwamuna wako, amwali," anapitiriza Noelene. "Ndatopa kumwa pulasitala. Ndinachapa masokosi a mwamuna mmodzi mpaka kumuika m'manda, a wina sindikuwafuna. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Noelene anamuuza kuti ali ndi mgolo wapadera, atha kubwereka. Glenys anathokoza, nakana.

Pobwerera nsanje inali isanathe. Inali itangosamuka malo. Mawu amenewo, a kireti ndi akangaude, woyenera kuwamva anali iye Glenys. Zaka zonsezi Merv anali asanamuuzepo chinthu chokoma choposa kuti nyama yapsa bwino. Tsiku limene anapeza mawu, anakawatula pakhonde la mkazi wina.

Analowa m'shedi. Anatenga msomali ndi hamala, naboola mgolo uja pansi malo asanu. Anaugubuduza mpaka pampanda, nauimika pakati penipeni pa kageti, n'kuudzaza dothi ndi manyowa a nkhosa mpaka pakamwa. Pamwamba anabzalapo timbewu tonunkhira.

Merv atafika anaima pabwalo, makiyi a galimoto ali m'manja, akuyang'ana mgolo wake. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kushedi, napeza mkazi wake atakhala pa kireti, botolo ndi tambula zili pambali.

"Wapita kwa Noelene," anatero.

"Ndinakapereka mandimu. Tsegulani botolo."

Merv anatsegula ndi dzanja labwino lija, nathira. Glenys anakweza tambula ku dzuwa la pakhomo, ngakhale sankadziwa chimene amayang'anamo. Anaikamo mphuno. Anamwa. Milomo inakwinyika yokha, misozi n'kulengeza.

"Mwakhala mukumwetsa mwana wa eni ake zoterezi?"

Merv anakanda kumutu, nayamba kunena za yisiti. Glenys anamudula. Anamuuza kuti mawa m'mawa apita limodzi m'tauni kukagula mgolo watsopano ndi mankhwala a ofulula, kuti wotsuka akhalabe iye Glenys, ndi kuti Loweruka mowa ukhale utayamba kuwira. Akangaude nawo achoke.

"Ndipo kuyambira lero tambula yoyamba izibwera kuno."

"Iwe mowa sumwa, mayi."

"Ndayamba."

Merv anasuzumira panja, kumpanda kuja. Anafunsa kuti nanga kwa Noelene azidutsira kuti akafuna nzeru, popeza mgolo wadothi ndi phewa lakelo sangausunthe.

"Kumsewu, ngati anthu onse," anatero Glenys. "Ndipo ndizikuperekezani."

Anamupatsa tambula ija. Merv anaitembenuza pang'ono, namwera pamene mkazi wake anamwera.