Paipi Yotsala Pansi pa Mjigo

Madzi a pa mjigo wa m'mudzi mwa Hosea Chulu, ku Kakumbi, anayamba kufiira mjigowo usanathe ndi chaka chomwe. Poyamba amayi ankangodandaula kuti zovala zikutuluka ndi mawanga. Kenako tiyi anayamba kumveka ngati wanyambita khasu. Tsiku lina Margaret, mkazi wa Hosea, akupopa, chogwirira chinangopepuka m'manja mwake, madzi osatulukanso ngakhale dontho.

Hosea ndiye anali wokonza mjigo pamudzipo, ndipo ntchitoyo ankainyadira kuposa munda wake wa thonje. Anaitana amuna anzake nayamba kusolola mapaipi. Yoyamba, yapamwamba, inatuluka ili ngwee ngati yangochoka kusitolo. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni: dzimbiri lokhalokha, zibowo paliponse, ukakanda ndi chala zikuyoyoka. Yomaliza inali itaduka polumikizira n'kutsalira pansi penipeni. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kufa kwa mjigo kunatanthauza chinthu chimodzi, ndipo aliyense anachidziwa osachitchula. Amayi anabwereranso kumtsinje wa Luangwa ndi ndowa zawo, padooko lomwe lija pamene ng'ona inagwira mkazi wa Tonny, mnansi wa Hosea, mjigo usanabwere. Margaret akanyamula ndowa, Hosea ankasiya chilichonse n'kumangoyang'ana kunjira mpaka mkaziyo atatulukira. Anali ndi mantha, ngakhale kuti pamaso pa anthu ankaseka.

Anaimbira foni Emeldah Mwaba, woyang'anira za madzi ku boma, mayi wa ku Kitwe amene anatumizidwa kudzagwira ntchito kuchigwa kuno. Mvula inali itawononga msewu wolowera kumudziko, choncho Emeldah sakanatha kufika.

"Ba Hosea, mvetserani," anatero Emeldah pafoni. "Madzi a kwanuko ndi amchere. N'chifukwa chake kontrakitala amene anakumba mjigowo tinamuuza kuti aike mapaipi a chitsulo chosakaniza ndi nikelo, chimene sichichita dzimbiri. Dulani kachidutswa mukakweze minibasi kumsewu waukulu. Ine nditumiza ku labu ku Kitwe akayeze. Akapeza kuti nikelo mulibe, kontrakitala adzasintha mapaipi onse, afune asafune."

"Zamveka, madamu. Mawa lomwe chinyamuka."

Mmawa mwake Hosea anaima pamulu wa mapaipi, sowo ili m'manja. Anayang'ana zadzimbiri zija, nachita manyazi. Chinthu ichi chimapita ku Kitwe, kwa anthu ophunzira ovala makhoti oyera, ndipo chikafika kumeneko chikatchulidwa dzina la mudzi wawo. Iye anakula akudziwa kuti chotuluka pamudzi chimasankhidwa. Mlendo sumugwirira nkhuku yachitopa. Kwa apongozi supititsa ufa wa madeya. Ngakhale thonje, wogula akabwera umayamba kumuonetsa loyera. Ndiye iye, munthu wamkulu ndi ndevu zake, akulunge dzimbiri n'kutumiza kwa akuluakulu ngati kuti ku Kakumbi kulibe anthu oleredwa? Anakoka paipi yapamwamba ija, nadula kachidutswa kabwino kolingana ndi chikhatho. Margaret anakakwecha ndi phulusa mpaka kanawala, nakakulunga m'kansalu katsopano.

Mapaipi ovunda aja sanatayidwe. Kuchigwa chitsulo sichigona pansi. Anthu anawaduladula n'kuwapachika pa waya kuzungulira minda, kuti njovu zikakhudza azilira n'kudzutsa eni chimanga. Phukusi lija linafika ku boma Emeldah ali ku msonkhano ku Chipata, ndipo linapitirira ku Kitwe osatsegulidwa.

Msewu utauma, Emeldah anafika yekha pa njinga yamoto. Hosea anathamangira kukamulandira, mtima uli m'mwamba.

"Mwaswera bwanji, madamu? Mwatibweretsera mapaipi athu?"

Emeldah anayankha moni mwaulemu koma sanamwetulire. Anakhala pa mpando umene Margaret anamupatsa, navula chipewa chake cholimba.

"Ba Hosea, zotsatira zabwera. A ku labu anapala chidutswa chija, nachiwotcha ndi moto wa magetsi, makina n'kuwerenga zonse zili m'kati mwake. Anabwerezanso kuti atsimikize. Akuti nikelo alimo wokwanira, teni peresenti ndithu, monga tinagwirizanirana. Chitsulo chimenecho akuti chikhoza kukhala m'madzi amchere mpaka adzukulu anu. Tsopano kontrakitala akuti vuto si lake. Akuti mjigo munauwononga ndinu, pokonza mosadziwa. Mabwana anga akufuna kutseka nkhaniyi."

Hosea anamva ngati pansi pasuntha. "Koma madamu, mapaipi aja anavunda! Aliyense pano anaona ndi maso ake."

"Ndiye inenso sindikumvetsa. Chidutswa chija munadula pa paipi iti?"

"Yapamwamba. Yabwino ija." Anayankha mwamphamvu, akuyembekeza kuyamikiridwa. "Zinazo sizinali zoti n'kuonetsa anthu."

Emeldah anagwira kumutu. Atayamba kulankhula mawu ake anali otsika. "Mayo ine. Ba Hosea, kuchipatala mumapititsa mwana wodwala kapena wamoyo? Kontrakitala uja anaika paipi yeniyeni pamwamba pokha, poti ndi pamene timayang'ana tikabwera. Inu mwamutumizira umboni wake womwe. Nanenso ndinalakwa, ndikanakuuzani kuti mudule pamene pavunda kwambiri. Ndinkayesa n'zodziwikiratu."

Apa m'pamene Hosea anazindikira, ndipo manyazi amene anathawa tsiku lija anamupeza onse pamodzi. Anamutengera Emeldah kumunda, namuonetsa zidutswa zikulendewera pa waya pamodzi ndi zitini ndi makasu akutha.

"Tengani izi, madamu. Tengani zonse."

"Labu ikhoza kuyeza, koma kontrakitala adzati mwatola zitsulo kudzala. Adzakana kuti si zake, ndipo ndani angamutsutse? Chofunika ndi chitsulo chotuluka mu mjigo iye akuona."

"Ilipo imodzi," anatero Hosea. "Inatsalira pansi."

Emeldah anapempha mabwana ake kuti adikire pang'ono, ndipo iwo anavomera monyinyirika. Hosea, amene bambo ake anali msodzi, anasula mbedza yaikulu ndi chitsulo cha pulawo, naimangirira ku chingwe chachitali. Masiku amenewo sankadya bwino. Anthu pamudzi sanamunene poyera, koma amayi akamadutsa ndi ndowa kulowera kumtsinje ankamupatsa moni wamfupi, ndipo moni umenewo unkamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Pa tsiku lopangana, Emeldah anabwera ndi Evans, kapitawo wa kontrakitala, mwamuna wa nsapato zoyera amene anaima pamthunzi manja ali m'thumba. Mudzi wonse unasonkhana. Hosea anatsitsa mbedza m'dzenje lopapatiza lija, nayamba kufufuza mumdima umene sakanatha kuuona. Inkakhudza n'kuterereka, kukhudza n'kuterereka. Dzuwa linafika pamutu, malaya ake atanyoweratu.

"Akulu, ife tili ndi ntchito zina," anatero Evans akuyang'ana wotchi. "Ikakwana fotini awazi ine ndapita."

Hosea anapitiriza kufufuza. Posakhalitsa chingwe chinalemera. Anakodola Tonny ndi amuna ena, nayamba kukoka pang'onopang'ono, aliyense atagwira mpweya. Paipi inakwera, ikukhula m'mbali, mpaka mutu wake wofiira unaonekera pakamwa pa mjigo. Hosea anatambasula dzanja kuti aigwire. Koma dzimbiri lomwe lija limene ankafuna kuonetsa ndi limene linawalanda: pamene mbedza inakola panang'ambika, paipi n'kubwerera pansi. Anaimva ikugunda m'mbali mpaka phokoso linazimirira. Mayi wina analira mokweza.

Evans anatulutsa manja m'thumba n'kuyamba kulowera ku galimoto.

"Ba Evans, taimani," anatero Emeldah. "Bwerani muone ichi."

Ku nsonga ya mbedza kunali kutatsalira kachibenthu ka paipi, kochepa kuposa chikhatho cha mwana, kofiira, kodyekadyeka, kakudontha matope. Emeldah anakajambula ndi foni Evans ataima pambali pake, nkhope itagwa. Emeldah anati sakudziwa ngati a ku labu angapeze chitsulo chokwanira kuyeza pansi pa dzimbiri lonselo, koma atumiza, ndipo ulendo uno akapereka yekha.

Hosea anakachotsa pa mbedza mosamala. Kanali konyansa zedi, chinthu choti tsiku lina lililonse akanachikankhira kutchire ndi phazi. Margaret, amene ndowa yake yopita nayo kumtsinje inali kale pambali pake, anakaona mmene kanalili. Mosaganiza n'komwe anagwira nsonga ya chitenje chake nasendera pafupi.

Hosea anabweza dzanja msanga, nakafumbata pachifuwa.

"Iyayi, amake mwana, musapukute. Kapite momwemu, akaone mmene tikukhalira."