Mizere Inayi ya Kumunsi kwa Soya

Lumbani anali atathira kale mankhwala m'sipuleya pamene mlongo wake wamkulu, Tionge, anafika kumunda atamangabe duku lakuda.

"Adada tawaika Lachiwiri lomweli, iwe lero wayamba kale kulamula munda?"

"Taonani soyayu, adumbu. Masabata atatu tili kuchipatala ku Livingstonia kenako pamaliro, udzu wamupitirira. Ine Lamulungu ndikubwerera kuntchito ku Mzuzu. Apalira ndani? Amama?"

"Adada sankafuna mankhwala."

"Adada sankafunanso foni, ngakhale kupita kwa dokotala. Mankhwalawa amapha udzu wokha, soya samukhudza. Zalembedwa pabotolo apa."

Tionge anatsonya, n'kubwerera kunyumba. Lumbani anabereka sipuleya, nayamba kupopera kuchokera kumtunda. Lamba ankamudya paphewa, nsapato za ku ofesi zikulemera ndi matope. Mumtima ankakalipira bambo ake, a Hezron Mkandawire, mphunzitsi wopuma yemwe analima munda waukulu chonchi akudziwa kuti mtima wawo sunali bwino.

Dzuwa litakwera anafika kumunsi, kumene soya ankathera. Kumeneko udzu unali wothithikana kuposa kwina konse. Anapopera mzere woyamba mpaka kumapeto, ndipo akutembenuka anaona mayi ake akutsetsereka mothamanga, Tionge ali pambuyo.

"Leka!" anatero mayiwo, akupuma movutikira. "Amenewo ndi mawere."

"Mawere m'munda wa soya? Nanga bwanji palibe anandiuza?"

"Unafunsa ndani?" anayankha Tionge. "Mankhwala akowo amadziwa kusiyanitsa mawere ndi udzu?"

Lumbani ankadziwa kuti mankhwalawo sasiyanitsa.

"Thirani madzi, mwina atsukika," anatero mayiwo.

Anatunga zidebe zisanu kumtsinje n'kukhuthulira pamzerewo, koma pomaliza pafupifupi ola linali litadutsa chipoperereni. Zovala zonse zinanyowa.

"Komanso adada," anadandaula Lumbani, akuponya chidebe pansi, "munthu wodwala, mawere mizere inayi ankafuna achite nawo chiyani? Pakhomo pano amadya ndani?"

Mayi ake anagwada pamutu pa mzere wopoperedwawo, napatula udzu ndi manja. Pansi panali kathabwa kozikidwa m'dothi. Anapukuta matope ndi nsonga ya chitenje. Panaoneka zilembo zoongoka, zija bambowo ankalemba pabolodi: "NyaGondwe, Phoka. Mbewu ya amayi ake, yofiira."

"Nkhokwe ya a NyaGondwe a ku Phoka inapsa chaka chatha," anatero mayiwo. "Anatsala ndi kambewu kodzaza dzanja limodzi. Abambo ako anati abwere nako, awachulukitsire."

Tionge anapita pamzere wachiwiri, napeza kathabwa kena. Pachitatu ndi pachinayi panalinso ena, lililonse ndi dzina la mwini wake.

Lumbani anavula nsapato. Anagwada pamzere wachiwiri, nagwira tsinde limodzi.

"Amama, uwu ndi udzu kapena mawere?"

Mayiwo anamugwira dzanja, nalisunthira patsinde la pambali pake.

"Zula ili."