Apongozi Apepesa kwa Abwana

Tsiku limene abwana analola kuti azigwirira ntchito kunyumba, Mlembi anatuluka mu ofesi akumwetulira yekha mumsewu. Dzina loti Mlembi anamupatsa ndi mwamuna wake, poti ntchito yake inali yolemba nkhani za pa intaneti za kampani yogulitsa mabedi ndi matiresi: kasankhidwe ka pilo, chifukwa chake msana umawawa m'mawa, zoterozo. Ofesi inali itamukwana. Basi yodzaza m'mawa uliwonse, fani yolira ngati ikufuna kuuluka, ndiye panalinso mnzake wa tebulo loyandikana, amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa akayamba za chibwenzi chake panalibe pozimitsira.

Kunyumba anakokera tebulo pazenera la pabalaza. Masiku oyamba anali okoma zedi. Ankalemba atavala masilipasi, tsitsi losapesa, tiyi ali pambali, popanda womufunsa kuti wafika nthawi yanji.

Kenaka kunabwera apongozi ake, mayi a mwamuna wake, kudzaonetsa maso kuchipatala. Maso anachira, koma za ulendo wobwerera sizinamveke.

M'mawa wina mwana wawo atapita kuntchito, apongoziwo anaima pakhomo la pabalaza.

"Kodi lero simupita kuntchito, mwana wanga?"

"Ndili pantchito kale, amayi."

Anamuyang'ana kumutu, natsitsa maso mpaka pa masilipasi. "Ooo," anatero, n'kubwerera kukhitchini mwakachetechete ngati akuchoka pa bedi la wodwala.

Kuyambira pamenepo anayamba kumumvera chisoni. Ndipo pofuna kuti asamangokhala n'kumaganiza zambiri, ankamupezera zochita. Alowetse ulusi mu singano. Akagule machesi kugolosale. Awawerengere zimene zalembedwa pa botolo la mankhwala. Nkhani inafika kwa aneba, ndipo nawo anayamba kugogoda: wina kudzasiya makiyi, wina kudzasiya khanda, wina kudzapempha kuti mvula ikayamba amuanulire zovala. Onse mawu awo anali amodzi: "Poti inu mumakhala muli pakhomo."

Nkhani ya matiresi a ana inaima pa ndime yoyamba. Mlembi ankati akagwira chiganizo, wina n'kuitana, chiganizocho n'kuthawa. Anadzipeza akumusowa Wailesi, amene ngakhale anali wolongolola, ukamufunsa mawu ena otanthauza kufewa ankakuponyera angapo osatembenuka n'komwe.

"Auzeni amayi anu kuti sanandichotse ntchito," anadandaula kwa mwamuna wake.

"Ndawauza kangapo," iye anayankha akudzigwira kuti asaseke. "Akuti ndine mwamuna wabwino, ndikukubisira manyazi."

Ndiye linafika tsiku la msonkhano wa pa kompyuta. Nkhope za a ku ofesi zinandandalika m'timabokosi, abwana ali pakati, bambo wadazi amene kuseka kwake kunali kosowa. Mlembi anali atavala bulauzi yabwino kumtunda kokha. Akufotokoza chifukwa chake nkhani ija yachedwa, anamva mpando ukukokedwa pambali pake. Apongozi anakhala pansi, atavala diresi lawo la paulendo ndi magalasi atsopano.

"Abwanawo ndi ati pamenepa?" ananong'oneza mokweza.

Mlembi anathamangira kuti atseke mawu, koma chala chinaphonya, n'kungokulitsa nkhope ya abwana mpaka kudzaza kompyuta yonse.

"Eya, ndi awa. Akuoneka." Apongozi anakonza magalasi, naika manja pachifuwa. "Bwana, ine ndine mayi wa mwamuna wake wa mwanayu. Chimene anakulakwirani sindikuchidziwa, ndipo sindifunsa. Koma mukhululukireni. Mwanayu ndi wolimbikira. Kuyambira m'mawa amangokhala pa makinawa kufunsira ntchito, mpaka tiyi kuzizira. Taonani tsitsi lakeli. Ali ndi nkhawa. M'bwezereni pantchito, bwana, ine ndimulangiza."

Mlembi analakalaka atalowa pansi pa tebulo. Penapake m'makinamo munamveka Wailesi akutsamwa.

Abwana anakhosomola, napukuta dazi ndi mpango. "Mayi," anatero pang'onopang'ono, "mawu anu andigwira mtima. Tamukhululukira."

"Zikomo, bwana!"

"Azibwera kuno Lolemba ndi Lachinayi. Masiku enawo azilembera konko, koma ali m'manja mwanga. Pasapezeke womutuma."

Apongozi anaganiza kaye. "Ngakhale kugolosale?"

"Ngakhale kugolosale."

"Nanga khanda la aneba?"

"Makamaka limenelo."

Msonkhano utatha, apongozi anadzuka n'kumusisita Mlembi paphewa. "Mwaona? Zinthu izi zimafuna akuluakulu. Mukanandiuza kale."

Lolemba Mlembi anapeza bulauzi yake itasitidwa, nsapato zitapukutidwa, ndipo apongozi anamuperekeza mpaka pageti kuti aneba onse aone. M'basi wina anamuponda chala. Atalowa mu ofesi, anzake anaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo Wailesi anafuula, "Wafika wokhululukidwa uja!" Anakhala pa tebulo lake lakale, namva zonse za chibwenzi chatsopano, ndipo pofika masana nkhani ya matiresi a ana inali itatha. Lachiwiri analembera kunyumba, apongozi atakhala pakhonde ngati mlonda, akubweza aliyense: "Ali pantchito. Abwana ake ndinalankhula nawo ndekha." Kokha kuti pakapita kanthawi ankasuzumira pazenera kudzamuuza amene am'bweza, ndi zimene amafuna, ndi zimene anavala.

Madzulo a tsikulo akudya, mwamuna wake anafunsa kuti kokoma n'kuti, ku ofesi kapena kunyumba. Mlembi asanayankhe, apongozi anaika supuni pansi, natembenukira kwa mwana wawo.

"Iwenso undipatse nambala ya abwana ako. Ndaona kuti akuchedwa kukukweza."

Mwamunayo anasiya kutafuna. Mlembi anadzuka msangamsanga kukatenga foni ya mwamuna wakeyo kuti awapatse nambalayo.