Mfunda wa Amayi a Khamis

M'nyumba ya a Khamis ku Al Qusais, mumzinda wa Dubai, munabadwa mwana wamkazi, koma chimwemwe chinali chozizira. Tsiku lomupatsa dzina linkayandikira, pomwe a Khamis ndi mwana wawo Obaid, bambo wa khandalo, sankalankhulana. Mkuluyo ankafuna kuti mdzukulu atenge dzina la malemu amayi awo. Obaid anakanitsitsa.

Selinah, namwino wochokera ku Dowa, ankabwera m'mawa uliwonse kudzatsuka bala la shuga lomwe linali paphazi pa a Khamis. Munali mu 2003, ndipo atagwira ntchito zaka zingapo ku Dubai, Chiarabu chake chinali chokwanira kukalipira wodwala wamakani. Za mkanganowo anazimva, koma dzinalo panalibe wolitchula pamaso pa mlendo.

"Agogo, lero nkhope mwaimanga kuposa bandeji yangayi," anatero Selinah akukulunga phazilo pakhonde.

"Mwana wanga akuchita manyazi ndi mayi amene anandibala," anayankha a Khamis. "Akuti ndi dzina la ukapolo, mwanayo adzasekedwa nalo kusukulu."

"Analidi kapolo?"

"Iwo, ndi ine ndemwe. Anawabweretsa pa ngalawa kuchokera ku Zanzibar ali kamtsikana, koma kwawo kunali kumtunda, kutali. Ine ndinkamira m'nyanja kutolera ngale munthu amene ankati ndife ake. M'nyumba mwakemo amayi ankawatcha Saada. Mu 1963 kunabwera lamulo loti munthu asakhalenso chuma cha mnzake. Amayi anali atakalamba, maso atachita mdima. Nditawauza, sanalire, sanaimbe nthungululu. Anangoti, 'Ndiye kuyambira lero muzindiitana dzina langa.' Anthu oyandikana nafe anaseka, poti linali losamveka. Ngakhale ine sindidziwa tanthauzo lake."

Nthawi yomweyo hutala inalira pageti. Anali Grey, dalaivala wa kampani imene Selinah ankagwirako ntchito, mnyamata wa ku Chipata wosatha nthabwala. Anasuzumira pawindo la galimoto.

"Nambewe! Yalla, tiyeni, msewu wa ku Sharjah wathina kale! Kapena mukukumba abale anu mumchengamo?"

"Mbewa zake ziti m'chipululu muno, iwe?" Selinah anabweza akuseka. "Dikira!"

Atatembenuka anapeza a Khamis atagwira mkono wa mpando, akumuyang'anitsitsa.

"Wakuitana kuti chiyani?"

"Nambewe. Musamumvere ameneyo, amangondiputa."

"Nambiwi," anatero mkuluyo pang'onopang'ono, lilime lake likupinda mawuwo mwa Chiarabu. Kenaka anakuwa. "Obaid! Tuluka!"

Obaid anatuluka makiyi ali m'manja, atavala mkanjo woyera wopita nawo ku ntchito. Bambo ake analoza Selinah. "Dzina la agogo ako ndi ili, likuyenda ndi miyendo, likunditsuka phazi."

Obaid anayang'ana khadi lomwe linali pachifuwa pa namwinoyo. "Apa palembedwa Selinah. Bambo, mwamupempha kuti anene zimenezi?"

"Sanandipemphe kanthu, bwana," anatero Selinah. "Selinah ndi dzina la pa pasipoti. Nambewe ndi mfunda, dzina la mtundu wathu. Mwamuna timati Mbewe, mkazi Nambewe."

"Ndiye si dzina limene ogula anthu ankapereka?" anafunsa Obaid.

"Ayi. Limenelo silipatsidwa ndi mlendo, munthu amabadwa nalo. Kwathu mkazi wamkulu sitimutchula dzina la paubwana, n'chipongwe. Timamuitana ndi mfunda. Akakupatsa madzi umati, 'Zikomo, Nambewe,' ndipo wathokoza iye pamodzi ndi onse amene anamubala."

Obaid anakhala pa mpanda waufupi wa khondelo. Kwa kanthawi ankangotembenuza makiyi.

"Kamwana kobedwa kangadziwe bwanji zimenezo?" anafunsa, mawu atatsika.

"Mwina la paubwana analiiwala," anatero Selinah. "Koma ili ankalimva tsiku lililonse anthu akuitana amayi awo, kapena azakhali awo. Sindinganame kuti ndikudziwa mudzi wawo. A Mbewe tili ku Malawi, ku Zambia, mpaka ku Mozambique."

"Mulipo ambiri?" anafunsanso Obaid.

Grey, yemwe anali atatopa kudikira, anali atafika pakhonde. Selinah anamufotokozera mwachidule m'Chichewa, iye n'kuvula chipewa.

"Ambiri zedi, bwana," anauza Obaid m'Chingerezi. "Aphunzitsi, asilikali, ansembe, mashehe, ngakhale akuba alipo. Mukapita kumeneko mudzatopa ndi kudya nkhuku m'makomo mwa abale."

Obaid anaseka mosafuna, kenaka nkhope inabwerera mwakale. "Bambo, ana a sukulu sadzafunsa tanthauzo. Adzangomva kuti ndi la ku Africa."

"Nkhope yake sadzaiona?" anayankha a Khamis. "Ine ndinasekedwa ndilibe choyankha. Iye adzakhala nacho."

Obaid anaimirira. Analowa m'nyumba, ndipo Selinah anayamba kulongedza thonje ndi lumo, akuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma posakhalitsa bamboyo anatulukanso atanyamula khandalo mu nsalu yoyera, nakhala pafupi ndi bambo ake.

"Ndalankhula ndi mayi wake," anatero. "Ku boma tidzalembetsa Maryam, monga ndinapangana naye. Koma m'nyumba muno, ndi pa mwambo pamaso pa alendo, tidzatchula onse awiri." Anatembenukira kwa Selinah. "Sisitala, tiphunzitseni kulitchula bwino. Zikuoneka kuti takhala tikulilakwitsa zaka zonsezi."

"Nam-be-we," anatero Selinah.

"Nam-bi-wi."

"Ayi, bwana, kamwa mulitsegule. Be. We."

A Khamis anayesa, Obaid anayesa, onse awiri n'kulakwitsanso. Grey anatulutsa foni n'kuimbira ku ofesi kuti wodwala wotsatira adikire pang'ono, kuno kuli msonkhano wa banja.

"Nambewe," anatero Obaid kachitatu, ataweramira kankhope ka mwana wake.

"Eya, mwakhoza," anatero Selinah. "Tsopano mundipatse ndimunyamule. Ndine azakhali ake."