Chibwano cha Teleza

Nditabwera kuchokera ku Joni, kumene ndinatha zaka khumi ndi ziwiri, ndinakamupeza mlongo wanga Teleza pa sikelo akuyezetsa tiyi amene anathyola m'mawa. Ndinamusiya ali kamtsikana ka masaya. Tsopano atamwetulira, ndinaona kuti nkhope yake yasintha. Chibwano chinapotokera kumanzere, mano apansi osakumana ndi apamwamba.

Nditamufunsa, anati ndi zakalekale. Mkazi womenyedwa amayankha choncho kumene. Mwamuna wake Goodson, kapitawo pa esitetipo, ndi wofatsa ngati nkhosa, ndipo ine anthu ofatsa mopitiriza sindiwakhulupirira. Monga mwini mbumba, ndinauza ankhoswe kuti pofika Loweruka mkamwiniyo akhale atalongedza.

Goodson sanakane, sanavomere. Anangopempha kuti tiyambe taonana ndi dokotala wa nsagwada amene amabwera kuchipatala cha kuboma kuchokera ku Blantyre. Mumtima ndinati apangana ndi dokotalayo awa, tiyeni ndikawagwire ndekha.

Dokotalayo, mayi wamfupi wosaseka, sanafunse n'komwe za banja. Anatsitsa ulusi kuchokera pakati pa maso a Teleza, chibwano nkutsala pambali. Anamulumitsa kathabwa kopyapyala, kathabwako nkupendekeka. Ataunika chithunzi cha mafupa, anafotokoza kuti nsagwada imapotoka m'njira zingapo. Mwina mbali imodzi imakula mopitirira, mwina ina imapinimbira, mwinanso fupa limathyoka munthu ali wamkulu nkulumikizana molakwika. Ndinawauza kuti asavutike, ndi yachitatuyo, ndipo wothyolayo ali pomwepa.

"Ayi bambo, iyi ndi yachiwiri," anatero. "Mfundo yakumanzereyi inathyoka ali mwana, mwina wa zaka zisanu ndi ziwiri, nkuleka kukula bwino. Inzake inapitiriza."

Ndinafuna kuwafunsa ngati akudziwana ndi Goodson. Koma iwo anatukula chibwano cha Teleza nkuloza kachipsera kakale kunsi kwake. Anafunsa ngati anagwerapo pamenepo.

Teleza anangoyang'ana pansi. Ine ndinachita manyazi.

Ndinakumbukira njinga ya malemu bambo imene ndinaba Lamulungu lina, nkukweza Teleza pakaliyala, ndi mtsetse wa m'munda wa tiyi umene ndinatsika popanda mabuleki. Tinagwa, iye nkumenyetsa chibwano pansi. Magazi ndinamupukuta ndi masamba a tiyi. Ndinamulumbiritsa kuti asadzauze munthu, ndipo kunyumba ndinanama kuti akudwala dzino. Anamwa phala lokha milungu iwiri osanditchula.

Dokotala anapitiriza za opaleshoni imene ingawongole nsagwadayo, koma sindinamve kanthu. Panja, pansi pa mtengo wa bulugamu, ndinafunsa Goodson chifukwa chimene anakhalira chete pamene ndinkamupitikitsa pamudzi.

"Anandiuza tisanakwatirane, alamu," anayankha. "Anandilumbiritsa kuti ndisadzakukumbutseni."